Gold kapena Platinum? Ndithandizeni kusankha khadi la ngongole, ndili ku Mzuzu

NyaKatoto

Moni nonse. Funso langa likupita kwa amene mumagwiritsa ntchito makhadi a ngongole, makamaka amene muli kumpoto kuno, chifukwa si zonse zoyenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimene zimayendanso ku Mzuzu.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi a khofi. Ofesi ili m'tauni, koma ntchito yeniyeni ili kumapiri: ku Phoka ku Rumphi, ku Misuku ku Chitipa, nthawi zina cha ku Nkhata Bay. Ulendo ukabwera modzidzimutsa, ndalama za ulendowo sizituluka msanga. Mafuta ndimathira ndi ndalama yanga, malo ogona ndimalipira ndi ndalama yanga, ndikabwerako ndipereke malisiti, ndiye ndidikire. Kubweza amabweza ndithu, koma zimatha kutenga masabata atatu kapena anayi, pamene pakhomo pakufunika ndiwo, mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi ndi fizi ya ana awiri. Zimandiwawa kuti ana azidikira nsapato za kusukulu chifukwa malipiro anga ali m'thanki ya galimoto yopita ku Chitipa.

Banki imene malipiro anga amadzera yandiuza kuti ndikhoza kutenga khadi la ngongole, ndipo ali ndi atatu. Classic amalipiritsa K25,000 pa chaka ndipo amakubwezera 0.5% ya zimene wagula. Gold ndi K60,000 pa chaka, amabweza 2% ukathira mafuta kapena kugula m'masupamaketi, zina zonse 1%, ndipo ndalamayo imalowa pa khadi pomwepo. Platinum ndi K150,000 pa chaka. Ameneyu sabweza ndalama koma amapereka mapointi, amene mtsikana wa pa desiki uja anati amakwana ngati 1.5%, kuwonjezera inshuwalansi ya paulendo wa kunja ndi mwayi wolowa m'chipinda chapadera chodikirira ndege. Malire a ngongole nawonso ndi aakulu kwambiri pa Platinum.

Pa mwezi ndimawononga pafupifupi K350,000 pa mafuta, kuphatikiza a kuntchito ndi a pakhomo, K300,000 pa zogula za m'nyumba, ndi K150,000 pa malo ogona. Ndikuchitanso maphunziro a pa intaneti amene ndimalipira m'madola, ndipo pakali pano ndimachita kupempha mchimwene wanga wa ku Johannesburg kuti andilipirire, ine n'kumatumiza makwacha kwa amayi kumudzi m'malo mwake.

Bambo a kunyumba akuti nditenge Platinum, chifukwa malire ake ndi aakulu ndipo tsiku la vuto lidzatithandiza. Mtima wanga uli pa Gold. Amene mwagwiritsapo ntchito makhadi amenewa, mungasankhe liti mutakhala ine? Mapointi amenewa munthu amawadyadi, kapena amangokhala pa pepala?

Mkandawire_Luwinga

Achemwali, ine ndinagwirapo ntchito ku banki, ku mbali ya ngongole, ngakhale si banki yanuyo mwina. Ndiyamba ndi masamu a zimene mwalembazi, kenako ndinene chimene ndikuona kuti n'chachikulu kuposa dzina la khadi.

Tiyerekeze kuti K800,000 yonseyo yadutsa pa khadi. Pa Gold, K650,000 ya mafuta ndi supamaketi ikubwezerani K13,000, malo ogona K1,500, pamodzi K14,500 pa mwezi, kapena K174,000 pa chaka. Mukachotsa K60,000 mutsala ndi K114,000. Pa Platinum, 1.5% ya K800,000 ndi K12,000 pa mwezi, K144,000 pa chaka, osafika ngakhale pa K150,000 imene mwapereka. Ndiye kuti mukulipira kuti mukhale ndi khadilo, pokhapokha mutamakwera ndege pafupipafupi. Pa Classic mutsala ndi K23,000. Pa pepala Gold wapambana kutali.

Koma nkhani yanu si ya mapointi ayi. Nkhani yanu ndi ya masiku.

Khadi la ngongole lili ndi masiku awiri amene muyenera kuwadziwa ngati tsiku la malipiro. Loyamba ndi tsiku limene banki imatseka sitetimenti ya mwezi. Lachiwiri ndi tsiku lomaliza kubweza, limene pa makhadi ambiri limabwera patapita masiku 20 kapena 25 chitsekereni sitetimenti. Akamanena kuti "mpaka masiku 55 opanda chiwongoladzanja," akunena za munthu amene wagula tsiku lotsatira sitetimenti itangotsekedwa. Amene wagula kutatsala tsiku limodzi kuti itsekedwe ali ndi masiku 25 okha. Tsono inu, ulendo wa ku Misuku ukagwa sabata yomaliza sitetimenti isanatsekedwe, ndipo ofesi yatenga masabata anayi kubweza, tsiku la banki lifika ndalama ya ofesi isanafike. Pamenepo mudzachita chiyani? Ngati mungathe kutseka ndi malipiro anu, palibe vuto. Ngati simungathe, chiwongoladzanja chayamba.

Ndipo chiwongoladzanja cha m'Malawi muno si chosewera nacho. Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imakongozera mabanki, kufika pa 26% m'chaka cha 2024. Mabanki amakongoza pamwamba pa mlingo wawo woyambira, ndipo khadi, poti lilibe chikole, limakhala m'gulu la ngongole zodula kwambiri. Tiyerekeze kuti akuuzani 36% pa chaka, imene ndi 3% pa mwezi. Mukasiya K500,000 kwa mwezi umodzi wokha, mwalipira K15,000. Zimene Gold anakubwezerani mwezi wonsewo zapita. Chinanso chimene anthu ambiri sauzidwa: mukalephera kubweza yonse, pa makhadi ambiri masiku aulere aja amatha, moti zimene mugule mwezi wotsatira zimayamba kubala chiwongoladzanja tsiku lomwelo, mpaka mutatseka ngongole yonse.

Pa sitetimenti mudzaona kandalama kena kakang'ono kolembedwa kuti ndiko kochepetsetsa kamene mungabweze. Kameneka ndi kongokutetezani ku chindapusa cha kuchedwa, basi. Ndinaonapo anthu a malipiro abwino akubweza kandalama kameneka mokhulupirika mwezi ndi mwezi, chaka n'kutha ngongole ili pomwepo. Uzani banki kuti izidula ndalama yonse ya pa sitetimenti kuchokera ku akaunti yanu, osati yochepayo. Pa fomu nthawi zambiri pamakhala posankha, ndipo mukapanda kusankha ena amangoika yochepa.

Musatape ndalama pa ATM ndi khadi limeneli. Kutapa kulibe masiku aulere, kuli ndi fizi yakeyake, ndipo sikubweretsa mphotho iliyonse.

Za malire aakulu zimene bambo akunenazo, ndikumvetsa maganizo awo, koma kumbukirani kuti malinga ndi lamulo la Credit Reference Bureau, mabanki amatumiza mbiri ya ngongole za makasitomala ku mabungwe osunga mbiriyo. Mukachedwa kubweza pa khadi, zidzakutsatirani tsiku limene mudzafune ngongole ya nyumba ku banki ina.

Mukabwerera ku nthambi, funsani zinthu izi ndipo akulembereni: chiwongoladzanja pa chaka, tsiku lotseka sitetimenti, ngati 2% ija ili ndi polekezera pa mwezi, komanso ngati mapointi a Platinum amafa pakapita nthawi.

Mama Tiwonge wa pa Taifa

Asisi, ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato, katundu ndimakatenga ku Dar es Salaam, nthawi zina ku Mbeya kapena ku Kyela kokha ndalama ikachepa. Platinum ndili nayo, ndiye ndikuuzeni mmene ikundiyendera.

Chipinda cha pabwalo la ndege chija sindinalowemo. Ulendo wanga ndi wa basi: Karonga, Songwe, kuwoloka, Kasumulu, n'kumapita. Inunso ganizani, kuti mukafike pa chipindacho muyenera kuyamba mwayenda makilomita oposa 300 kupita ku Kamuzu International Airport ku Lumbadzi. Ngati kuntchito kwanu sakutumizani kunja, mukulipira mpando umene simudzakhalapo. Inshuwalansi nayo werengani bwino, chifukwa yanga imagwira ntchito pokhapokha tikiti ya ulendo nditaigula ndi khadi lomwelo. Tikiti ya basi ndimagula ndi ndalama ya m'manja, ndiye palibe chimene ndimapezapo.

Chimene ndinatengera khadili chinali madola. Ndinkafuna kuti ndizilipira hotela ku Dar ndi katundu wina pa makina osanyamula mpukutu wa ndalama m'chiuno. Nthawi zina zimathekadi, ndipo zikatheka mtengo wa dola umakhala wa ku banki, wotsika kwambiri kuyerekeza ndi wa anyamata a pa boda. Koma dziwani kuti malire a ngongole yanu m'makwacha ndi chinthu china, malire a ndalama zakunja ndi chinthu chinanso. Mukhoza kukhala ndi malo a mamiliyoni pa khadi, koma banki n'kukulolani madola ochepa okha pa mwezi, ndipo malire amenewa amasintha malinga ndi mmene forex ilili m'dziko. Mwezi uno zitheka, mwezi wamawa khadi likana uli pa kauntala. Ndiye za maphunziro anuwo, musawauze achimwene a ku Johannesburg kuti apume. Funsani kaye ku banki kuti mwezi uno akulola madola angati pa intaneti, ndiponso ngati Gold ndi Platinum amasiyana pamenepo. Kwa ine kusiyanako n'kochepa moti sikungabweze K90,000 imene mungawonjezere.

Chinanso, ngongole ya m'madola imasanduka makwacha tsiku limene banki yailowetsa m'buku, osati nthawi imene inu mwadina. Pakati pamatha kudutsa masiku angapo. Mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44%, dola inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Mu May 2022 inali itagwanso ndi 25%. Aliyense amene zogula zake zinali zisanalowe m'buku anadzuka ndi ngongole yokulirapo. Pamwamba pa izi pali fizi yosinthira ndalama imene amawonjezera pa chilichonse chogulidwa kunja. Mapointi amene amakupatsa pa kugula kwa kunja nthawi zambiri amathera mu fizi imeneyi.

Mapointi anga ndinawagwiritsapo ntchito, sindinama. Ndinagulira eyataimu ndi zina zazing'ono. Koma mapointi ali ngati chimanga cha m'nkhokwe yopanda mankhwala: ukamasunga kuti achuluke, mitengo ya zinthu ikukwera, iwo akufumbwa. Ndalama yobwerera pa khadi mwezi womwewo ndi yabwino kuposa mapointi odikira chaka. Chaka chikatha ndikutsika kupita ku Gold.

Bambo Nyirenda (Chiputula)

Amayi, pepani ndilankhula mosiyana ndi anzangawa. Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndipo maganizo anga ndi akuti musatenge lililonse mwa atatuwo.

Vuto lanu mwalinena nokha: mukukongoza bungwe lanu ndalama popanda chiwongoladzanja. Tsopano mukufuna kukakongola ku banki kuti mupitirize kuwakongoza. Ofesi ikachedwa, chiwongoladzanja adzalipira ndani? Risiti ya chiwongoladzanja a ku akaunti sadzailandira. Bwanji osakhala pansi ndi akuluakulu anu, muwauze kuti ulendo uziyamba ndalama zitatuluka, kapena bungwe litsegule akaunti pa malo othirira mafuta? Anzanu ena pa ofesipo ayenera kuti akuvutika chimodzimodzi. Mukapita limodzi adzakumverani.

Mawu a bambo akuti "tsiku la vuto lidzatithandiza" ndi amene andichititsa kuti ndilembe. Kwathu kuno tsiku la vuto silibwera kamodzi pa chaka. Maliro ku Ekwendeni, wodwala ku chipatala cha Central, mwana wa achimwene wabwezedwa kusukulu, feteleza wa amayi mvula ili pafupi. Inu ndinu wa pantchito, foni imalira kwa inu. Lero mumatha kunena zoona kuti ndilibe, chifukwa mulibedi. Mukakhala ndi malo a mamiliyoni awiri m'chikwama, kodi mudzatha kuyang'ana apongozi anu n'kunena kuti ndilibe? Ine sindikanatha. Ndipo ngongole ya maliro ilibe ofesi yodzabweza.

Ngati mukufuna pothawira, SACCO ilipo, banki m'khonde ilipo, ndipo kumeneko phindu likagawidwa kumapeto kwa chaka limabwerera kwa inu nomwe. Koma ngati mwatsimikiza mtima, tengani Classic, malire akhale aang'ono, ndipo pakhomo adziwe ndi bambo okha.

Mkandawire_Luwinga

Bambo Nyirenda, pa nkhani ya ofesi ndikugwirizana nanu kwathunthu. Pa banki m'khonde pokha ndisiyane nanu pang'ono. Magulu ambiri amene ndimawadziwa amakongoza pa 20% pa mwezi, ena 10%. Zoona phindu limagawidwa, koma limagawidwa kwa onse malinga ndi masheya, si lonse limene limabwerera kwa wokongolayo. Kwa munthu amene akufuna ndalama ya masabata atatu ndipo ali ndi chitsimikizo choti ibwera, khadi lobwezedwa lonse pa nthawi yake silimudya kanthu kupatula fizi ya pa chaka. Likabwezedwa mochedwa ndiye mawu anu onse akhala oona. Komanso malire si okakamiza. Achemwaliwa akhoza kutenga Gold n'kupempha kuti malire awatsitsire pa mlingo wa Classic.

Wongani_Mzuni

Anti, ine ndikuphunzira pa Mzuni koma madzulo ndi kumapeto kwa sabata ndimagwira pa tilu m'shopu ina m'tauni, ndiye makina a POS, olipirira ndi khadi aja, ndimakhala nawo tsiku lililonse. Masamu a bambo Mkandawire ndi olondola, koma ayerekeza kuti K800,000 yonse idutsa pa khadi. Ku Mzuzu sizingatheke.

Tengani kope mulembe kumene ndalama yanu imapita kwenikweni. Tomato, usipa, bonya, mbatata, nthochi, makala, zonsezi mumagula pa msika waukulu kapena pa Zigwagwa, kumene kulibe makina. Chigayo chilibe makina. Kabaza alibe makina. Pa K300,000 ya zogula za m'nyumba, mwina ndi theka lokha kapena kupitirira pang'ono limene limapita m'masitolo akuluakulu ngati Chipiku. Malo ogona a ku Chitipa ndi ku Rumphi ambiri amafuna ndalama ya m'manja kapena Airtel Money ndi Mpamba. Ndipo musaganize zokankha ndalama kuchoka pa khadi la ngongole kupita ku foni, chifukwa ngati banki yanu imalola zimenezo, nthawi zambiri imaziwerenga ngati mwatapa ndalama, ndiye fizi ndi chiwongoladzanja pompo, mphotho palibe.

Mafuta ndiye nkhani ina. M'tauni muno malo ambiri ali ndi makina, koma mafuta akasowa mizere n'kutalika, othira ambiri amafuna ndalama ya m'manja kuti mzere uziyenda, kapena amangoti netiweki palibe. Nthawi zina palibedi, magetsi akazima zimachitika. Mukadutsa Chiweta kupita kumtunda musadalire khadi lokha.

Palinso ichi chimene anthu sadziwa. Banki siona zimene mwagula, imaona mtundu wa bizinesi umene makinawo analembetsedwa. Shopu ikhoza kumaoneka ngati supamaketi, koma makina ake analembetsedwa ngati holoselo kapena sitolo wamba, ndiye inu mulandira 1% m'malo mwa 2%. Kashopu ka pa malo othirira mafuta kamatha kukhala ndi makina osiyana ndi a pa pampu. Mwezi woyamba muzisunga timalisiti tonse mufananitse ndi sitetimenti, mudziwe malo amene akukupatsani 2% yeniyeni. Mayunitsi a ESCOM ndi bilu ya Northern Region Water Board, ngati mumalipira pa app ya banki, ndalama imachoka ku akaunti yanu, osati pa khadi, ndiye musaziwerengere.

Mashopu ena ang'onoang'ono amawonjezera kandalama ukafuna kulipira ndi khadi, akuti kubweza zimene banki imawadula. Akawonjezera 2% kapena 3%, mphotho yanu yathera pomwepo. Pamenepo ndi bwino kungolipira ndi ndalama.

Za chitetezo: khadi lisachoke m'maso mwanu. Pa malo othirira mafuta tsikani m'galimoto, makina abwere pamene muli kapena inu mupite pamene ali. Manambala atatu a kumbuyo aja ndi okwanira kuti munthu agule pa intaneti ngati wajambulanso kutsogolo. Ndipo aliyense woimba foni kuti ndi wa ku banki, akufuna nambala imene yabwera pa meseji kuti "akulowetsereni mapointi," ndi wakuba. Makina akakana koma meseji n'kubwera kuti ndalama yachoka, musachoke opanda kapepala kosonyeza kuti zakanika, chifukwa ndi kamene mukadandaulire ku banki. Akapanda kukuthandizani, Reserve Bank imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, ndipo ili ndi nthambi konkuno ku Mzuzu.

NyaKatoto

Zikomo kwambiri nonse. Ndinapita ku nthambi ndi mafunso a achimwene a Mkandawire nditawalemba pa pepala, ndipo ulendo uno ndinapempha kukumana ndi amene amaona za makhadi.

Polekezera alipo. Pa Gold sabweza kupitirira K8,000 pa mwezi, ngakhale utagula zochuluka bwanji. Izi pa kapepala kokongola kaja sizinalembedwe, zili m'chikalata chachitali cha malamulo. Ndiye K174,000 ija yatsika kufika pa K96,000 pa chaka, ndipo ndikachotsa K60,000 nditsala ndi K36,000. Mapointi a Platinum amafa pakatha zaka ziwiri. Chiwongoladzanja n'chimodzimodzi pa makhadi onse atatu, ndipo chili pafupi kwambiri ndi chimene munayerekeza chija. Pa madola anandiuza mosabisa kuti malire amasintha ndipo sangandilonjeze kanthu, monga munanenera Mama Tiwonge, moti mchimwene wanga apitiriza kundilipirira, khadi ndizingoyesa likalola.

Wongani, ndinachita zimene unanena. Ndinakhala pansi ndi kope ndi mameseji a ku banki a miyezi yapitayi. Zimene zingadutsedi pa makina ndi pafupifupi K200,000 ya mafuta, K200,000 ya m'masitolo, ndi K50,000 ya zina. Zotsalazo ndi za pamsika ndi za kumapiri. Chosangalatsa n'chakuti K400,000 ya mafuta ndi masitoloyo ikundifikitsa ndendende pa K8,000, ndiye polekezerapo sipakundipweteka kwenikweni. Pa Classic, ndi K450,000 yomweyo, ndikanapeza K27,000 pa chaka, kuchotsa K25,000, kutsala K2,000. Kusiyana kwa Gold ndi Classic kwa ine ndi K34,000 pa chaka. Si ndalama yosintha moyo, koma ndi nsapato za mwana mmodzi.

Platinum ndaisiya. Bambo a kunyumba poyamba sanakondwe, koma nditawawerengera zimene a Nyirenda analemba za maliro ndi apongozi anakhala chete kanthawi, kenako anati iwonso sakanatha kukana. Tagwirizana kuti nditenge Gold koma malire akhale K600,000 basi, ngakhale banki imafuna kundipatsa oposa pamenepo. Ndalama imeneyi ndikhoza kuitseka ndi malipiro anga ngakhale ofesi itachedwa, ngakhale kuti mwezi umenewo ungakhale wowawa. Pa fomu ndasankha kuti azidula yonse.

Bambo Nyirenda, mawu anu sindinawataye. Ndalankhula ndi anzanga awiri amene timayenda limodzi, ndipo talemba kalata yopempha kuti mafuta a maulendo a kumunda bungwe lizilipira lokha pa malo amodzi m'tauni muno ndi ena ku Karonga. Sindikudziwa kuti atiyankha bwanji. Akavomera, mafuta odutsa pa khadi langa achepa, ndipo ndidzawerenganso ngati Gold akadali ndi phindu chaka chamawa chisanayambe.

Chatsala chimodzi chimene chikundidetsa nkhawa. Sitetimenti akuti amatseka pa 25, ndipo ndalama amadula pa 19 mwezi wotsatira. Malipiro anga amalowa cha pa 27. Ndiye kuti pa 19 ndi nthawi imene akaunti imakhala itauma kwambiri. Ndinafunsa ngati angasinthe tsikulo, anati afunsa ku likulu. Alipo amene anasinthitsapo?

Mkandawire_Luwinga

Mabanki ena amasintha, ena makina awo ali ndi tsiku limodzi la makasitomala onse, ndiye musadalire kwambiri yankho la ku likulu. Koma simukuyenera kudikira pa 19. Sitetimenti ikatsekedwa pa 25, malipiro n'kulowa pa 27, lipirani khadi lonse pa 27 pomwepo kapena pa 28, ndalama isanayambe kugawika. Mutaya masiku ena aulere, koma zimene munagula zakhala kale pa khadi mpaka mwezi wathunthu popanda chiwongoladzanja, ndipo ndalama ya ofesi ikabwera ilowa m'thumba lanu kudzatseka dzenje la pakhomo. Lamulo lodula pa 19 lija lisiyeni likhalepo ngati chitetezo, lidzapeza palibe chodula. Mungofunsa kuti ndalama yolipira pa app imatenga masiku angati kuti ionekere pa khadi, ndiponso ngati makina awo amadziwa kuti mwalipira kale, kuti asadzakuduleni kawiri.

Mwezi umene ulendo waukulu wagwa pakati pa 18 ndi 25, malisiti mupereke tsiku lomwe mwafika, ndipo ngati n'kotheka mafuta obwererera muthire pa 26.

Mama Tiwonge wa pa Taifa

Kudula kawiri kumene akunenako kunandichitikirapo, ndalama inabwerera koma patapita sabata. Mwezi woyamba lipirani msanga, ndiye pa 17 kapena pa 18 muimbe foni kapena mupite pa nthambi mukafunse kuti pa 19 adula zingati. Akakuuzani kuti palibe, ndiye kuti makina awo amaona, miyezi inayo simudzavutikanso. Khadi likafika mudzatiuze kuti ndi malo ati othirira mafuta amene akukupatsani 2%, chifukwa inenso ndikubwera ku Gold komweko.